Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Za Kanema Woopsa ndi Ana a kwa Ngokwe

Akale adati wakutsina khutu ndi mnansi. Kutsinidwa kumapweteka, ndipo palibe mwana amene adathokozapo dzanja lomutsina pa nthawi yomweyo. Komabe mwambiwu ukuphunzitsa kuti wonena mawu owawa ndiye amafunira mnzake zabwino, pamene woseketsa pa chilichonse angathe kuperekeza munthu kuphompho uku akumuombera m'manja. Lero mwambi umenewu uyenera kutengedwa ndi kupita nawo kumalo kumene eni ake sadakulotepo, ndiko ku kanyumba ka vidiyo.

Aliyense amene adayendapo m'misika ya m'boma la Machinga, kuyambira pa Ntaja, pa Nselema, pa Chikweo mpaka kwa Ngokwe kufupi ndi nyanja ya Chiuta, akukadziwa kanyumba kameneka. Kamakhala kotchingidwa ndi mphasa, masaka kapena pulasitiki wakuda kuti dzuwa lisalowe. Panja pali chimkuzamawu, pakhomo pali mnyamata wotolera ndalama, ndipo m'kati muli ana opanikizana pa mabenchi ngati matemba m'dengu. Mfuti zikulira, anthu akugwa, ndipo pamwamba pa phokoso lonselo pakumveka mawu a womasulira amene adajambuliratu Chichewa chake pa filimuyo. Munthu akaphedwa, womasulirayo amaponyapo nthabwala, ana nkufa nacho chikhakhali. Masiku ano zomwezo zalowa m'mafoni, kotero kuti kanyumba kaja kasamukira m'thumba la mwana.

Pa nkhaniyi akuluakulu agawikana pawiri, ndipo mbali zonse ziwiri zaphonya. Ena akuti filimu iliyonse imene muli magazi, kuopseza kapena munthu wodzipha iletsedwe, mwana asaione ngakhale pang'ono. Ena angoti manja lende, ati ndi za makono, ana azionera zimene afuna malinga asasokose pakhomo. Oyambawo akuganiza kuti chimene chimaononga mwana ndi kuona imfa. Achiwiriwo akuganiza kuti palibe chimene chingamuononge. Choona nchakuti nkhani yoopsa payokha siipha mwana. Chimene chimamuononga ndi nkhani yoopsa yopanda malipiro kumathero ake, yoonedwa popanda wamkulu woimasulira. Umboni wa zimenezi uli m'nthano za makolo, ndipo uli m'mafilimu akale a ku America otchedwa film noir.

Nthano za agogo sizidali za uchi

Amene amati mwambo wa makolo udali kubisira ana zoopsa aiwala ubwana wawo. Nanga nthano ya Kalulu ndi Fisi imati chiyani? M'chaka cha njala awiriwo adapangana zopha amayi awo. Fisi adaphadi ake, Kalulu nkukabisa ake kuphanga namakadya kumeneko mozemba. Nanga Kachirambe, mwana amene mayi ake omubala adamulonjeza kwa fisi asanabadwe nkomwe? Nanga Kamdothi, amene mathero ake ndi kusungunuka ndi mvula mayi ake akuona? M'nthano muli kuphana, kumezedwa ndi zilombo ndi kuperekedwa ndi abale. Agogo sadachotsemo zimenezi, chifukwa adadziwa kuti dziko limene mdzukulu akukulira muli afisi enieni, ena a miyendo iwiri.

Koma nthano idali ndi mipanda itatu. Mpanda woyamba udali nthawi: nthano zinkakambidwa madzulo ntchito zitatha, ndipo kukamba nthano masana kudali koletsedwa. Mpanda wachiwiri udali munthu wamkulu. Wokamba akati "Padangotero," ana onse ankayankha kuti "Tili tonse." Mawu awiri amenewa ngakuya kuposa momwe ambiri amaganizira, pakuti akutanthauza kuti palibe mwana amene ankalowa yekha m'nkhalango ya nthano. Mantha akamugwira, mwendo wa agogo udali pomwepo. Wokambayo ankaona nkhope za omvera, nadziwa pofewetsa ndi polimbitsa mawu. Mpanda wachitatu udali mathero: woipa ankalipira, wadyera ankagwa chagada, ndipo wosamva ankamva nkhwangwa ili m'mutu.

Kwa Ngokwe, kumene ambiri ndi Ayao, nzeru yomweyi ikuoneka kundagala. Ku jando ndi ku nsondo anamwali amauzidwa mawu olemera amene sanenedwa pabwalo, koma amawamva ali m'manja mwa anakanga ndi alombwe. Mawu olemera amafuna wonyamulira. Kanyumba ka vidiyo kadagwetsa mipanda yonse itatu: kamatsegula m'mawa nthawi ya sukulu, mulibe wamkulu, ndipo m'mafilimu ambiri a mmenemo ngwazi imapha anthu makumimakumi nkuchoka ikumwetulira, popanda maliro, popanda wamasiye, popanda usiku wosagona tulo.

Kanema wakuda ndi chiyani?

Adzukulu adziwe kuti si kale lonse pamene mafilimu a zigawenga adali otere. Kuyambira cha m'ma 1941 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ku Hollywood kudapangidwa mafilimu opanda mitundu, akuda ndi oyera basi, onena za umbanda, chinyengo ndi ziphuphu. Mu 1946 wolemba za mafilimu wa ku France, Nino Frank, adawatcha film noir, ndiye kuti kanema wakuda. Kudako ndi kwa usiku wa m'tauni, kwa zithunzithunzi za pakhoma, makamakanso kwa mumtima mwa munthu. M'mafilimu amenewa wogwa m'tchimo kawirikawiri sakhala chigawenga chobadwa nacho. Amakhala kalaliki, wogulitsa inshuwalansi kapena wapolisi, munthu wamba amene adaponda molakwika kamodzi, phazi lachiwiri nkutsatira.

Chitsanzo choyenera kuchifotokoza bwino ndi Scarlet Street, filimu ya mu 1945 yopangidwa ndi Fritz Lang, amene adachoka ku Germany mu 1933 Hitler atatenga boma. Edward G. Robinson adasewera ngati Christopher Cross, bambo wofatsa amene wasunga ndalama za kampani kwa zaka 25 mokhulupirika mpaka kupatsidwa wotchi yagolide. Kunyumba mkazi wake amamunyoza, ndipo chomusangalatsa chokha ndi kujambula zithunzi Lamulungu. Usiku wina aona mtsikana, Kitty, akumenyedwa pamsewu, namulanditsa. Sadadziwe kuti womenyayo, Johnny, ndi chibwenzi cha mtsikanayo. Awiriwo adaganiza kuti mdalayo ngolemera, napangana zomudyera. Cross adayamba kuba, poyamba za mkazi wake, kenako za abwana ake, kuti alipirire Kitty nyumba. Johnny adagulitsa zithunzi za Cross m'dzina la Kitty. Pomaliza Cross atapempha ukwati, Kitty adamuseka pamaso namuuza kuti ngokalamba ndiponso ngonyansa. Mu ukali wake Cross adamupha.

Apa mpamene filimuyi imasiyanirana ndi za m'kanyumba kaja. Apolisi adagwira Johnny, khoti lidamupeza wolakwa, ndipo adaphedwa pa mlandu umene sadapalamule, Cross ali chete. Mtolankhani wina m'sitima adamuuza kuti palibe wakupha amene amapulumuka, popeza munthu aliyense amayenda ndi bwalo la milandu m'chifuwa mwake. Zidaterodi. Mawu a akufa awiri aja adayamba kumunong'oneza usiku. Adayesa kudzichotsera moyo, koma anthu adathyola chitseko namupulumutsa. Zaka zisanu zitapita akuoneka akugona pa mabenchi a panja m'nyengo yachisanu, akuuza apolisi kuti ndiye adapha, apolisiwo nkumamuyesa wamisala. Chithunzi chake cha Kitty chikugulidwa pa madola 10,000 iye akudutsa pawindo la sitolo wopanda ndi khobidi lomwe.

Kodi pali gogo kwa Ngokwe amene sangaizindikire nthano imeneyi? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapanga awiri avumbwitsa. Choipa chitsata mwini. Mlandu suwola. Miyambi inayi yonse ili m'filimu imodzi ya Mzungu amene sadapondepo m'mbali mwa Chiuta. Ndipo wamkulu woonera pamodzi ndi ana angawonjezepo chimene ana paokha sangachione: Kitty adali wachinyengo, inde, koma nayenso adali womenyedwa ndi kudyeredwa masuku pamutu, ndipo kusekedwa si chifukwa chophera munthu. Dzanja lidali la Cross, mlandu ngwa Cross. Mnyamata amene amva zimenezi ali ndi zaka 15 sadzanena kubwalo la mfumu kuti mkazi ndiye adamuchititsa.

Diso lodziwa kuyang'ana kumbali

Chinanso chimene opanga mafilimu akalewo adali nacho ndi manyazi a diso. Mu Double Indemnity ya mu 1944, ya Billy Wilder, wogulitsa inshuwalansi Walter Neff apangana ndi mkazi wa mwini, Phyllis, kuti aphe mwamuna wake nkunamizira ngozi ya sitima, pofuna kuti kampani ilipire kawiri. Pa nthawi yakuphayo kamera siionetsa wophedwa. Imangokhala pa nkhope ya mkaziyo akuyang'ana kutsogolo, ndipo nkhope imeneyo njoopsa kuposa magazi odzaza ndowa. Nkhani yonse ikusimbidwa ndi Neff mwini, atavulala, akuulula tchimo lake, kotero woonera amadziwa kuchokera pachiyambi kuti njira imeneyi ikuthera kumanda. Buku la James M. Cain limene adatengako nkhaniyi limathera poti awiriwo asankha kudzipha, koma m'filimu mathero amenewo adawasintha.

The Big Heat ya mu 1953, ya Fritz Lang yemweyo, imayamba ndi wapolisi amene wadzipha nasiya kalata youlula ziphuphu za akuluakulu a mzinda. Mkazi wake abisa kalatayo kuti aziopsezera nayo mkulu wa zigawenga ndi kulandira ndalama. Wapolisi wina, Dave Bannion, akana kutseka nkhaniyo. Ayamba kumuopseza pa telefoni, kenako bomba lotcheredwa m'galimoto lake lipha mkazi wake. Chigawenga china chithira khofi wowira kumaso kwa chibwenzi chake. Kuthirako sikuonetsedwa, kumangomveka kukuwa, koma chipsera chake mayiyo amayenda nacho mpaka filimu kutha. Phunziro lake nlomveka: nkhanza imatenga kamphindi, bala limakhala moyo wonse. Mafilimu a lero ambiri adatembenuza zimenezi, amaonetsa nkhonya kwa ola lathunthu, bala osalionetsa.

Lumo la boma silidalerepo mwana

Oletsa adzayankha kuti mafilimu akalewo adali odziletsa chifukwa cha malamulo. Nzoona kuti ku Hollywood kudali malamulo otchedwa Production Code, amene adalembedwa mu 1930, nayamba kutsatidwa mwamphamvu mu 1934 mpaka kutha mu 1968. Ankaletsa kukometsera umbanda ndi kuonetsa kudzipha ngati njira yothetsera mavuto. Koma taonani chimene alonda a makhalidwe adachita ndi Scarlet Street. Kumayambiriro kwa 1946 idaletsedwa m'chigawo cha New York, ndipo mizinda ya Milwaukee ndi Atlanta idatsatira. Filimu imene imaphunzitsa kuti chikumbumtima chimalanga kuposa ndende ndiyo idaonedwa ngati yoononga makhalidwe. Woletsa amawerenga mabala, samva nkhani.

Kufupi kuno zidachitikanso. M'nthawi ya atsamunda, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, kumene amuna ambiri a ku Nyasaland ankagwira ntchito, mafilimu oonetsa Aafirika ankayamba adulidwadulidwa, poganiza kuti munthu wakuda sangasiyanitse sewero ndi zenizeni. Hortense Powdermaker, amene adakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 nalemba buku lotchedwa Copper Town, adapeza kuti anthu ankakonda mafilimu a anyamata okwera pa akavalo, ndipo ngwazi iliyonse ankangoitcha Jack. Lumo likadula apa ndi apo, ulusi wa nkhani unkaduka, chotsala nkukhala nkhonya ndi liwiro la akavalo. Wofuna kuchotsa nkhanza adachotsa tanthauzo, nasiya nkhanza yokhayokha.

M'Malawi muno lamulo lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo bungwe lake lidaletsa ndi kudula zambiri m'nthawi ya chipani chimodzi. Dziko lidakhala lopanda wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999. Kwa zaka pafupifupi 30 boma ndilo linkasankhira anthu choona, kotero makolo sadaphunzire kusankha okha. Zinthu zitamasuka m'ma 1994, mavidiyo adasefukira ngati madzi a m'dambo, napeza makolo alibe ndi khasu lomwe lopatutsira madziwo. Ndipo lero lumo lingadule chiyani? Filimu imayenda kuchoka m'foni kulowa m'foni pansi pa mtengo wa mango, popanda wofunsa chiphaso.

Pamene oletsa akunena zoona

Chilungamo chifuna kuti oletsa apatsidwe chawo. Pali njira yosimbira za kudzipha imene imaphadi. Mu 1774 Goethe wa ku Germany adatulutsa buku lonena za mnyamata Werther amene adadzipha chifukwa cha chikondi, ndipo mbiri idamveka yoti achinyamata ena adamutsanzira. Mu 1974 katswiri wa ku America David Phillips adaonetsa kuti nyuzipepala zikalemba mokweza za munthu wodzipha, chiwerengero cha odzipha chimakwera m'masabata otsatira, ndipo adachitcha chizolowezichi ndi dzina la Werther yemweyo. Mu 2019 kampani ya Netflix idachotsa chigawo choonetsa mtsikana akudzipha m'sewero lake la mu 2017 lotchedwa 13 Reasons Why, akatswiri atadandaula. M'chaka chomwecho bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo kwa opanga mafilimu: asaonetse njira yodziphera, asakometsere imfayo, ndipo aonetse anthu amene adapeza thandizo napulumuka.

Malangizo amenewa sakunena kuti nkhaniyi isatchulidwe. Akunena za kasimbidwe kake, monga momwe agogo ankadziwira pofewetsa mawu. Filimu imene imasandutsa kudzipha kukhala kubwezera kokoma kapena mpumulo wa ulemu njosayenera mwana, ndipo apa oletsa ndi wina aliyense wanzeru agwirizana. Koma mu Scarlet Street kuyesa kwa Cross sikuthetsa kalikonse, ndipo mu The Big Heat imfa ya wapolisi uja imangotsegula khomo la imfa zina. Komabe ngakhale mafilimu otere si a mwana wa sitandade 3. Ngoyenera anyamata ndi atsikana osinkhuka, wamkulu ali pambali.

Mtengo umadulidwa munthu atapita kale

Nkhaniyi ikadakhala ya mafilimu okha, sikadayenera inki yonseyi. Bungwe la WHO limati anthu oposa 720,000 amadzipha chaka chilichonse pa dziko lapansi. Kuno kwawo kwa miyambi, malipoti a apolisi a zaka zapitazi akhala akuonetsa kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Christopher Cross sali ku New York kokha. Ndi msodzi wa pa Chiuta amene adatenga katapila kugulira ukonde, nsomba nkusowa. Ndi mnyamata amene abale adagulitsa mbuzi kuti apite ku Joni, nabwezedwa chimanjamanja, manyazi nkumamudya. Ndi mlimi wa nandolo wa ku Machinga kapena ku Balaka amene adaona mtengo ukugwa mu 2017, dziko la India litachepetsa kugula, ngongole ili pakhosi. Ndi bambo wofatsa amene aliyense amati alibe vuto, chifukwa sadamumvepo akudandaula.

Nanga akadadandaula bwanji, poti kuyambira ali wamng'ono adauzidwa kuti mwamuna salira? Mawu amenewa ayenera kutsutsidwa poyera. Sangaime pamodzi ndi mwambi woti mutu umodzi susenza denga, kapena woti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Makolo adaika bwalo, ankhoswe ndi atsibweni kuti munthu akhale ndi kotula nkhawa. Amene adasandutsa kupirira kukhala kusalankhula adapotoza mwambo.

M'madera ambiri, munthu akadzipha pamtengo, mtengowo umadulidwa ndi kutenthedwa, maliro ake amachitika mwachangu, ndipo dzina lake limatchulidwa monong'ona. Mudzi umakhala ndi mphamvu zonola nkhwangwa munthu atapita, koma udalibe mphindi yomufunsa kuti zikuyenda bwanji pamene ankaonda maso akuona. Lamulo nalo lidawonjeza mantha: gawo 229 la malamulo a milandu, olembedwa m'nthawi ya atsamunda, lidaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu. Ku England komwe lamulo lotere lidachotsedwa mu 1961, ndipo dziko la Ghana lidalichotsa mu 2023. Munthu woopa unyolo sapita kuchipatala. Wopulumuka ngati Cross amafunika dokotala ndi khutu lomumvera, chifukwa kukhumudwa kozama ndi matenda, ndipo kumachizika.

Tsono m'mudzi umene mawu oti kudzipha satchulidwa, mwana amakaphunzira za nkhaniyi kwa yani? Kwa womasulira wa m'kanyumba uja, amene ntchito yake ndi kuseketsa kuti makasitomala abwerenso mawa. Iye alibe mlandu waukulu, akusaka ya sopo. Mlandu uli kwa akuluakulu amene adamusiyira mpando wa agogo.

Chiopsezo si nthabwala

Pali phunziro lina limene kanema wakuda amaliphunzitsa bwino: chiopsezo chimatsogola, imfa nkutsatira. Bannion adaimbiridwa telefoni bomba lisanaphulike. Mayi wothiridwa khofi uja adali ataona kale chibwenzi chake chikuzunza mkazi wina. Akale adati chakudza sichiimba ng'oma, koma nkhanza za m'banja zimaimba ng'oma ndithu, anthu ndiwo amatseka makutu. Mwamuna akanena kuti tsiku lina adzapha mkazi wake, ankhoswe asathamangire kunena kuti banja ndi kupirira, kapena kuti udali mowa chabe. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lidakhazikitsidwa mu 2006, ndipo kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa. Kubweza mayi woopsezedwa kunyumba ya womuopseza popanda chitetezo ndi kumukumbira manda.

Chimodzimodzi munthu akanena kuti watopa ndi moyo, kapena ayamba kugawa katundu wake ndi kutsazika mosadziwika bwino, asamuseke kapena kumukalipira kuti akufuna kutchuka. Amufunse mosabisa, amumvere mpaka amalize, asamusiye yekha, ndipo amuperekeze kuchipatala chapafupi, chimene chingamutumize kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena kwa akatswiri a matenda a maganizo ku Zomba. Ana ndi achinyamata angathe kuimba pa nambala yaulere ya 116. Kufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha sikumuphunzitsa kudzipha. Nthawi zambiri ndiko kumutsegulira chitseko chimene ankalephera kutsegula yekha. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Kumanganso mipanda

Chofunika tsono si moto wotentha tinyumba ta vidiyo, koma kumanganso mipanda itatu ija. Mpanda wa nthawi uli m'manja mwa mafumu ndi makomiti a sukulu: agwirizane ndi eni mavidiyo kuti mwana wovala yunifolomu asalowe nthawi ya maphunziro, ndiponso kuti za akuluakulu zizionetsedwa ana atapita kwawo. Mpanda wa mathero uli m'manja mwa aphunzitsi. Sukulu za sekondale zakhala zikuphunzitsa Macbeth ndi Romeo and Juliet, masewero odzaza ndi kuphana ndi kudzipha, ndipo palibe adati Shakespeare waononga ana, chifukwa mphunzitsi amakhala pomwepo kufunsa mafunso. Mabuku oyera a Akhristu ndi Asilamu omwe amasimba za mwana wa Adamu amene adapha m'bale wake, ndipo amawerengedwa pamaso pa ana. Mphunzitsi wokhala ndi kompyuta angathe kuonetsa ophunzira a fomu 3 ndi 4 filimu yakale ngati Scarlet Street, kapena ya kuno ngati The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah ya mu 2012, yonena za banja la msodzi wa kunyanja, kenako nkuwafunsa kuti apeze mwambi woyenera munthu aliyense wa m'nkhaniyo.

Mpanda wa munthu wamkulu ndiwo waukulu, ndipo sufuna ndalama. Gogo safunika kudziwa Chingerezi kapena kugwira foni. Angofunika kuitana mdzukulu madzulo nkumuuza kuti asimbe zimene waonera. Mwana akamaliza, amufunse kuti wophedwa uja adali mwana wa yani, ndani adamulira, ndipo wakuphayo adagona bwanji usiku umenewo. Ngati filimuyo siidayankhe, mwanayo adzaona yekha kuti adamunamiza, popeza maliro amawadziwa, adaonapo amayi akugubuduka pansi. Kuongola mtengo mpoyamba.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma dambo limene lauma silizimitsa kanthu, moto umangodutsa nkukatentha nkhokwe. Ana a kwa Ngokwe adzaona imfa, pakanema ndi pamoyo, makolo afune asafune. Chimene makolo angasankhe nchakuti anawo aione ali okha mumdima pakati pa chikhakhali, kapena aione wina ali pambali wowatsina khutu. Mwana akati "Padangotero," posimba zoopsa zimene waona kapena zimene zikumulemera mumtima, payenera kupezeka wamkulu woyankha kuti "Tili tonse."